Madayisi a Bishopu ndi Maere a Atumwi

M'zaka za m'ma 900 kunali mtsogoleri wina wa mpingo dzina lake Wibold, amene anadzakhala bishopu wa mzinda wa Cambrai, kumpoto kwa dziko limene lero ndi France. Malamulo a mpingo ankaletsa ansembe kutchova juga, koma madayisi sankachoka m'manja mwa ambiri a iwo. Wibold sanangokalipa ayi, anawakonzera masewera awoawo. Anatenga madayisi atatu n'kuwerenga magulu onse a manambala amene angaoneke pamwamba munthu akawaponya, ndipo anapeza magulu 56. Kenaka analemba makhalidwe abwino 56, lililonse n'kulipatsa gulu lake. Pamwamba penipeni anaikapo chikondi, chimene chinkamugwera munthu ngati madayisi onse atatu aonetsa 1. Wansembe akatha kusewera sankanyamula ndalama za mnzake. Ankanyamula chikhulupiriro, chiyembekezo, chilungamo kapena khalidwe lina loti akalitsate.

Nambala ya Wibold inali yolondola, ndipo aliyense angathe kuitsimikiza papepala. Magulu amene madayisi onse atatu afanana alipo 6. Amene awiri afanana koma lachitatu lasiyana alipo 30. Amene onse atatu asiyana alipo 20. Onse pamodzi, 56.

Koma mndandandawo unabisa kanthu kena: magulu 56 aja salemera mofanana. Kuti zimveke bwino, munthu apake madayisiwo utoto, lina lofiira, lina loyera, lina lakuda. Gulu la 1, 1, 1 lili ndi kagwedwe kamodzi kokha, pakuti lofiira liyenera kuonetsa 1, loyera 1, lakudanso 1, basi. Gulu la 2, 2, 5 lili ndi njira 3, chifukwa 5 angakhale pa dayisi lililonse mwa atatuwo. Gulu la 1, 2, 3 lili ndi njira 6. Njira zonse zikawerengedwa chonchi zimakwana 216, ndiko kuti 6 kuchulukitsa ndi 6, kuchulukitsanso ndi 6. Motero m'masewera a ansembe aja chikondi chinali ndi njira imodzi pa njira 216, pamene makhalidwe ena a pamndandanda womwewo anali ndi njira 6.

Nambala ya 216 imaoneka italembedwa patadutsa zaka pafupifupi 300, m'ndakatulo ya Chilatini yotchedwa De Vetula ya m'ma 1250, imene ophunzira ambiri amati inalembedwa ndi Richard de Fournival, mtsogoleri wa tchalitchi chachikulu cha ku Amiens. Ngakhale zinali choncho, nzeruyi sinafale msanga. Pakati pa 1613 ndi 1623, Galileo Galilei, amene panthawiyo anali katswiri wa masamu wa wolamulira wa Tuscany, anafunsidwa za chinthu chimene chinkazunguza mitu ya otchova juga. Madayisi atatu akaponyedwa n'kuphatikiza manambala ake, 9 amapangidwa ndi magulu 6, ndipo 10 amapangidwanso ndi magulu 6. Nanga bwanji osewera a nthawi yaitali ankaona kuti 10 amabwera kawirikawiri kuposa 9?

Galileo anayankha pamasamba ochepa chabe. Pa magulu a 9 pali la 3, 3, 3, lija la njira imodzi yokha, pamene pa magulu a 10 palibe gulu lotere. Njira zonse zikawerengedwa, 9 ali nazo 25 ndipo 10 ali nazo 27. Kusiyanaku n'kwa njira 2 pa 216, kochepa kwambiri moti n'zodabwitsa kuti maso a anthu otchova juga anakuona kuwerengera kusanafike. Ndalama zotayika patebulo zinawaphunzitsa zimene mabuku anali asanalembe bwino.

Apa ndi pamene masamu amayamba kukhudza chikhulupiriro. Madayisi akagwa, amagwa kamodzi, mwa njira imodzi. Njira zina 215 sizinachitike, ndipo pa kuponya kumeneko sizidzachitikanso. Nanga zikuwerengedwa chifukwa chiyani? Zili kuti? Munthu wokhulupirira kuti Mulungu amadziwa mapeto a chinthu chisanayambe angafunse mozama kuposa apo. Ngati Mlengi ankadziwa kale kuti madayisi adzaonetsa 2, 3, 5, ndiye kuti njira inalipo imodzi yokha kuchokera pachiyambi, ndipo mndandanda wa zotheka zonse ndi nkhambakamwa ya anthu. Wina angatembenuze funsolo n'kunena kuti ngati mndandandawo ndi weniweni, ndipo njira iliyonse inali ndi gawo lofanana, ndiye kuti palibe dzanja limene linasankha. Ambiri amaganiza kuti munthu ayenera kuima mbali imodzi, kwa Mulungu kapena kwa mwayi. Mbiri ya kuwerengera kumeneku ikusonyeza kuti nkhani siili choncho.

Chofunika kuchiona poyamba n'chakuti masamu a mwayi sanabadwe pofuna kulosera zam'tsogolo. Anabadwa pa mlandu wa kugawana mwachilungamo. M'chilimwe cha ku Ulaya cha 1654, Blaise Pascal wa ku Paris ndi Pierre de Fermat, woweruza milandu ku Toulouse, analemberana makalata za funso limene mkulu wina wotchedwa Chevalier de Méré anabweretsa kwa Pascal. Anthu awiri aika ndalama zagolide 32 aliyense. Agwirizana kuti woyamba kupambana zigawo zitatu atenga zonse 64. Masewera asanathe, wina atapambana zigawo ziwiri ndipo mnzake chimodzi, pachitika zina n'kusiya. Agawane bwanji?

Funsoli linali lakale. Mu 1494 Luca Pacioli, wa chipani cha Afransisko, anaphunzitsa kuti ndalama zigawidwe potsata zigawo zimene aliyense wapambana kale. Pa lamulo limeneli wotsogolayo akanatenga magawo awiri, mnzake limodzi. Mu 1556 Niccolò Tartaglia anakana njirayi, koma iye mwini anaona kuti nkhaniyi ndi ya oweruza kuposa ya masamu, ndipo kuti mmene mungagawire monse padzakhala wodandaula.

Pascal anayang'ana kutsogolo m'malo moyang'ana m'mbuyo. Akanati asewere chigawo chimodzi china, wotsogolayo akanapambana n'kutenga 64, kapena akanagonja n'kufanana ndi mnzake, pamene aliyense ayenera 32. Ndiye kuti 32 ndi zake zivute zitani. Zotsalazo, 32, n'zimene zili pa mwayi wofanana, choncho azigawane pakati. Wotsogola atenge 48, mnzake 16. Fermat anafika pa yankho lomwelo polemba mndandanda. Masewerawa sangapitirire zigawo zina ziwiri, ndipo zigawo ziwiri zingathe mwa njira 4. Njira 3 zikomera wotsogola, imodzi ikomera mnzake. Pa chitsanzo china, pamene wina watsala ndi zigawo ziwiri ndipo mnzake zitatu, pafunika kuwerenga zigawo zinayi, zimene zili ndi njira 16. Woyamba ali nazo 11, wachiwiri 5.

Kalata ya Pascal ya pa 24 Ogasiti 1654 imanena za munthu amene anakana kuwerenga kotere. Anali Gilles de Roberval, mphunzitsi wa masamu wodziwika ku Paris, ndipo chifukwa chake sichinali chachibwana. Iye anati mndandandawo uli ndi zigawo zimene palibe angazisewere. Wotsogola akapambana chigawo chotsatira, masewera atha, anthu anyamuka. Chigawo chachiwiricho n'chongopeka. Kodi ndalama zenizeni zingagawidwe potengera masewera ongopeka? Pascal anayankha kuti ngakhale osewerawo atapitiriza mpaka kumapeto, wopambana sasintha, motero kuwonjezera zigawozo sikulanda munthu kanthu. Ntchito yake ndi kuchititsa kuti njira zonse zikhale zolemera mofanana, kuti kuziwerenga kukhale ndi tanthauzo.

Pascal ndiye analondola, ndipo phunziro lake ndi lalikulu kuposa juga. Zimene sizinachitike zili ndi kulemera pa mlandu wa chilungamo. Wosewera wotsalira uja sanapambane, koma anali ndi njira imodzi pa zinayi yopambanira, ndipo kumumana ndalama 16 kukanakhala kumubera chinthu chenicheni. Fermat sanafunike kudziwa mmene masewerawo akanathera. Anangofunika kuvomera kuti sakudziwa, kenaka n'kuyeza kukula kwa kusadziwako mosakondera aliyense.

Njira 16 za Fermat zili ndi mnzake kufupi kuno. Asing'anga a Chishona ku Zimbabwe, ndi anzawo a mitundu ina ya kummwera kwa Africa, amaombeza ndi hakata, timatabwa tinayi tosema ta mtengo kapena fupa. Kalikonse kakaponyedwa kamagwa chagada kapena chafufumimba. Timatabwato n'tosiyana: kalikonse kali ndi chizindikiro chake ndi dzina lake, tiwiri tachimuna, tiwiri tachikazi. Chifukwa cha kusiyanaku, kagwedwe kake kali ndi mitundu 16, ndipo uliwonse uli ndi dzina ndi tanthauzo. Tikanakhala tofanana, woombeza akanangowerenga kuti tagada tingati, ndipo mitundu ikanakhala 5 yokha. Osema hakata anachita pa mtengo chimene Galileo anachita papepala, kusiyanitsa zoponyedwazo kuti njira iliyonse ionekere payokha. Mitundu 16 ija ikaikidwa m'magulu imakhala 1, 4, 6, 4, 1, umene ndi mzere wa manambala opezeka m'chithunzi cha makona atatu chimene lero chimatchedwa ndi dzina la Pascal, ngakhale Yang Hui wa ku China anachilemba kale mu 1261. Ayoruba a ku Nigeria, pa kuombeza kwa Ifá, amaponya unyolo wa zibanthu 8 za njere, ndipo mitundu yake ilipo 256, nambala imene masamu amapeza pochulukitsa 2 kasanu ndi katatu.

Choncho kuwerenga zotheka zonse si nzeru ya ku Ulaya kokha, ndiponso si nzeru ya osapembedza. Woombeza ndi katswiri wa masamu amagwirizana pa nambala 16. Amasiyana pa funso lotsatira, loti n'chiyani chimasankha imodzi mwa 16 imeneyo, ndipo kodi kusankhako kuli ndi uthenga.

Asanafike pa funso limenelo, munthu ayenera kudziwa kuti mndandanda wokha sunena kuti njira zake n'zolemera mofanana. Anthu a nzeru zakuya anapunthwa pomwepa. Gottfried Leibniz analemba kuti pa madayisi awiri, 11 ndi 12 ali ndi mwayi wofanana popeza aliyense amapangidwa ndi gulu limodzi, chikhalirecho 11 ali ndi njira 2, pomwe 12 ali ndi imodzi. Mu 1754 Jean d'Alembert, polemba m'buku lotchedwa Encyclopédie, anati munthu woponya ndalama yachitsulo kawiri ali ndi mwayi wa 2 pa 3 wopeza mutu, chifukwa mutu ukabwera koyamba palibe chifukwa choponyeranso. Anali kubwereza maganizo a Roberval patatha zaka 100. Yankho loona ndi 3 pa 4, ndipo aliyense wokhala ndi ndalama ndi nthawi angayese yekha.

Chodabwitsa chinabwera mu 1924. Satyendra Nath Bose, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Dhaka, anawerenga tinthu ting'onoting'ono ta kuwala ngati kuti sitingasiyanitsidwe m'pang'ono pomwe, ngati madayisi amene sangapakidwe utoto. Pa madayisi enieni kuwerenga kotere n'kulakwa kwa Leibniz kuja. Koma pa kuwala kunatulutsa ndendende lamulo limene Max Planck anapeza mu 1900 potsata zoyeza. Albert Einstein anamasulira pepala la Bose m'Chijeremani, nalitumiza kuti lisindikizidwe, ndipo anagwiritsa ntchito njirayo pa maatomu. Zimene analosera zinaoneka ndi maso mu 1995 ku Boulder, m'chigawo cha Colorado, pamene maatomu a rubidium anaziziritsidwa kwambiri. Tinthu titatu totere tikakhala ndi malo 6 oti tikhalemo, chilengedwe chimawerenga 56 ngati Wibold, osati 216 ngati Galileo. Palibe munthu akanadziwa zimenezi atangokhala pampando n'kumaganiza. Kuti njira ziti n'zofanana, chimanena ndi kapangidwe ka chinthucho, ndipo munthu amachiphunzira poyang'ana.

Izi zimathandiza pa funso la Mulungu lija. Nambala 216 imafotokoza zinthu ziwiri: mmene dayisi linapangidwira, ndi malire a zimene woponyayo akudziwa. Pierre-Simon Laplace, mu 1814, anaphunzitsa kuti nzeru yodziwa malo ndi mphamvu za chinthu chilichonse singafunikire masamu a mwayi, ndipo kuti masamuwa alipo chifukwa anthu amadziwa pang'ono chabe. Wokhulupirira sakakamizidwa kutaya kanthu pamenepa. Kudziwa kwa Mulungu sikufafaniza mndandanda, chifukwa mndandandawo sunalembedwere Mulungu. Unalembedwera munthu amene ayenera kugamula lero asanaone mawa.

Malemba enieniwo sachita mantha ndi maere. M'buku la Levitiko, maere ndiwo ankasiyanitsa mbuzi ziwiri za pa Tsiku la Chitetezo. Yoswa anagawa dziko kwa mafuko pochita maere. Amalinyero anapeza Yona pochita maere, ndipo asilikali anachitira maere chovala cha Yesu. Buku la Miyambo, pa mutu 16, limaphunzitsa kuti chigamulo cha maere chimachokera kwa Yehova, ndipo pa mutu 18 limayamikira maere kuti amathetsa mikangano ya anthu amphamvu. M'buku la Machitidwe, ophunzira pafupifupi 120 atasonkhana kuti apeze wolowa m'malo mwa Yudasi, anayamba aika muyezo: akhale munthu amene anayenda nawo kuyambira pa ubatizo wa Yohane. Anapeza awiri, Yosefe wotchedwa Barsaba ndi Matiya. Anapemphera, nachita maere, ndipo anagwera Matiya. Ntchito yaikulu inali itachitika kale pa kulemba mndandanda. Maere anasankha pakati pa anthu awiri oyenera, moti sakanagwera munthu wosayenera. Korani nayonso imasimba za maere pa nkhani ya wolera Mariya ndi pa nkhani ya Yona, koma imaletsa juga ndi mivi yoombezera.

Thomas Aquinas, m'zaka za m'ma 1200, anagawa maere m'mitundu itatu: ogawira zinthu, ofunsira chochita, ndi olosera zobisika. Oyamba sanawaone vuto. Achiwiri anawalola pokhapokha pakakhala kusowa kwenikweni ndiponso ulemu kwa Mulungu. Achitatu anawakana. Anakumbutsanso, potsata mlembi wakale wa mpingo dzina lake Bede, kuti Matiya anasankhidwa Pentekoste isanafike, ndipo kuti amuna 7 a m'mutu 6 wa Machitidwe anasankhidwa ndi mpingo, osati ndi maere. Mu 1619 mlaliki wa ku England, Thomas Gataker, anapita patsogolo pang'ono. Anatsutsa anzake amene ankati kuponya kulikonse kwa maere n'kuitana Mulungu kuti aweruze. Iye anati maere ali m'manja mwa Mulungu monga mmene zinthu zina zonse za m'chilengedwe zilili, osati monga chozizwitsa chapadera, choncho angagwiritsidwe ntchito pogawana ngakhale posewera, koma osati pofufuza zinsinsi. Ambiri anamukwiyira, koma maganizo ake ndi amene amamveka. Mulungu amene amasunga dongosolo la nyengo angasungenso dongosolo la 25 ndi 27, popanda kusandutsa kuponya kulikonse kukhala uthenga.

Ngozi ili kwa amene amafuna kuti masamuwa achite zoposa apo, kaya potsimikiza kuti Mulungu alipo kaya pomukana. Mu 1710 John Arbuthnot, dokotala wa Mfumukazi Anne, anatenga kaundula wa ubatizo wa ku London wa zaka 82, kuyambira 1629, n'kupeza kuti chaka chilichonse ana aamuna ankaposa aakazi. Anawerengera kuti ngati chaka chilichonse chili ngati kuponya ndalama, mwayi woti aamuna apose zaka 82 zotsatizana ndi njira imodzi pa nambala yopezeka pochulukitsa 2 maulendo 82, imene ili ndi manambala 25 ikalembedwa. Anagamula kuti si mwayi, ndi dzanja la Mulungu lokonzeratu kuti amuna, amene amafa msanga, asaperewere. Kuwerengera kwake kunalibe cholakwa. Cholakwa chinali pa mndandanda wa mafotokozedwe, umene unali ndi ziwiri zokha: ndalama yosakondera, kapena chozizwitsa. Nicolaus Bernoulli anasonyeza chachitatu, kuti ngati mwayi wa kubadwa mwamuna uli 18 pa 17 aliyense wa mkazi, kaundulayo amafotokozeka bwinobwino. Zimenezi sizinatsutse kuti Mulungu amasamalira anthu. Zinangoonetsa kuti umboni wa Arbuthnot sunafike pamene iye ankafuna.

Pascal mwiniwake anagwa m'mbuna yofananayo. Patangotha miyezi yochepa chilembere makalata aja, usiku wa pa 23 Novembala 1654, anakumana ndi Mulungu mwa njira imene inasintha moyo wake, ndipo zimene analemba usiku umenewo anazisokerera m'chovala chake mpaka imfa yake mu 1662. M'zolemba zake zimene zinasindikizidwa mu 1670 muli mfundo yotchuka ya kubetcha. Mulungu alipo kapena kulibe. Munthu akhulupirire kapena asakhulupirire. Njira zonse ndi zinayi, ndipo wokhulupirira akapambana amapeza moyo wosatha, akalephera sataya zambiri. Denis Diderot anayankha kuti mtsogoleri wa Chisilamu angathe kunena mfundo yomweyo pa chipembedzo chake. Diderot anali kuloza mndandanda. Ndani ananena kuti zotheka ndi ziwiri zokha? Ndipo ndani anayeza kulemera kwake? Pa dayisi munthu amaona mbali 6 ndi maso, angalitembenuze, angaliponye kambirimbiri. Pa nkhani ya Mulungu palibe tebulo loponyerapo. Tiyenera kumuchitira chilungamo Pascal: iye sankati kubetchaku kumabala chikhulupiriro, ankangofuna kudzutsa munthu wosalabadira. Komabe mfundoyi ikachotsedwa m'malo ake n'kuyesedwa ngati umboni, imagwa, ndipo chikhulupiriro chomangidwa pa iyo chimakhala cha munthu wowerengera phindu, osati cha munthu wokonda.

Pali mpingo umene mpaka lero umagwiritsa ntchito maere pa malo ake oyenera. Pa 4 Novembala 2012, m'tchalitchi chachikulu cha Marko Woyera ku Cairo, Akhristu a mpingo wa Coptic anasankha papa wawo wa 118. Anthu oposa 2,000 anali atavota kale n'kutsala ndi mayina atatu. Pambuyo pa kusala kudya ndi mapemphero, mnyamata womangidwa nsalu m'maso anapisa dzanja m'chotengera n'kutulutsa dzina la Bishopu Tawadros. Katswiri wa masamu anganene kuti aliyense anali ndi njira imodzi pa zitatu. Mkhristu wa ku Egypt anganene kuti Mulungu anasankha. Mawu awiriwa sakulimbana, ndipo onse awiri amavomereza chinthu chimodzi chofunika: palibe munthu wamphamvu, wolemera kapena wa chibale amene akanakhotetsa dzanja la mnyamatayo. Maere anatseka khomo la ziphuphu ndi nsanje pamene nzeru za anthu zinali zitafika pomalizira. N'chimodzimodzi ndi kuponya ndalama mpira usanayambe, kapena kutola timapepala pa chipereganyu kuti adziwike woyamba kulandira. Onse amavomera chifukwa onse akudziwa mndandanda ndiponso akudziwa kuti magawo ndi ofanana.

Zimasiyana kutali ndi zimene zafala m'matauni, kumene anthu amalipira aneneri ndi asing'anga kuti awapatse manambala a lotale kapena zotsatira za mpira zoti abetche. Apa maere asanduka njira yolosera ndi yolemerera, mtundu uja umene Aquinas anakana ndi umene Gataker sanaulole. Kuwerengera kwake n'kosavuta. Pa lotale yosankha manambala 6 mwa 49, monga inayambira ya ku Britain mu 1994 ndi ya ku South Africa mu 2000, nambala yoyamba ili ndi njira 49, yachiwiri 48, mpaka yachisanu ndi chimodzi 44. Zikachulukitsidwa zimakwana 10,068,347,520. Popeza dongosolo la katulukidwe silisintha kanthu, ndipo manambala 6 angasanjidwe mwa njira 720, munthu amagawa n'kupeza magulu 13,983,816. Ku Britain manambala atawonjezedwa kufika 59 mu 2015, magulu anakwera kufika 45,057,474.

Wokhulupirira anganene kuti Mulungu salephera kanthu, ndipo n'zoona. Koma Malemba omwe amasimba za maere a atumwi amasimbanso kuti Yesu anakana kudziponya pansi kuchokera pamwamba pa kachisi, chifukwa kutero n'kuyesa Mulungu. Kuika ndalama ya ufa wa ana pa njira imodzi mwa mamiliyoni pafupifupi 14, n'kumapemphera kuti Mulungu apotoze makina, ndi kuyesa kwa mtundu womwewo. Kulinso kupempha kuti ena onse ogula matikiti, ambiri a iwo osauka ndi opemphera chimodzimodzi, ataye zawo. Ndipo amene amalandira ndalama polonjeza manambala akugulitsa chinthu chimene alibe, pakuti akanakhala nacho sakanasowa ndalama ya wofunsayo.

Abusa, mashehe ndi aphunzitsi a masamu ali ndi ntchito imodzi pa nkhaniyi, ndipo ayenera kuigwira limodzi. Mwana wa sekondale aphunzitsidwe kulemba mndandanda wa zotheka zonse, afunse ngati palibe yasiyidwa, afunsenso ngati zonse zikulemera mofanana, ndipo paguwa anthu amve kuti kuwerengera kotere sikunyoza Mulungu. Aliyense amene mneneri wamulonjeza manambala ayambe watenga pensulo. Pa lotale ya 6 mwa 49, munthu wogula tikiti imodzi sabata iliyonse ayembekezere mphotho yaikulu kamodzi pa zaka pafupifupi 269,000.